Ndere si imodzi: mafuko awiri pamwala wa ku Mulunguzi

Mvula idagwa usiku wonse, ndipo m'mawa uno mtsinje wa Mulunguzi ukulira ngati chigayo.

Pamwamba pa phiri la Zomba, kufupi ndi mathithi a Williams, nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Kanjira n'koterera. Aliyense wofika pano maso ake ali kumadzi otsetsereka aja, foni m'manja.

Ine ndagwada pansi.

Patsogolo panga pali mwala waukulu ngati nkhokwe yogwa cham'mbali, koma mwala weniweniwo sukuoneka. Wavala zobiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Cha pamwamba, chovalacho n'chofewa ngati bulangete latsopano. Ukadina ndi chala madzi amatuluka, ukachotsa chala chimadzukanso. Ukaweramira pafupi umaona kuti ndi nkhalango ya timitengo tating'onoting'ono, kalikonse ndi tsinde lake ndi masamba ake, ndipo pamwamba pa tina paima tiulusi tofiirira tosenza timitu.

Cha kumunsi, kumene madzi akudontha osalekeza, kuli china. Chilibe tsinde, chilibe tsamba. Ndi timalilime tonyezimira, tomatirira pamwala, togawikana pawiripawiri ngati mphambano za njira zopita kumunda. Pamsana pa tina pali timakapu, ndipo m'kakapu kalikonse muli timbulumbulu tobiriwira ngati mazira m'chisa.

Funsani aliyense wodutsa kuti zimenezi n'chiyani. Yankho ndi limodzi.

Ndere.

Dzina limeneli timalisenzetsa katundu wambiri. Zoterera za m'chitsime ndi pa mjigo timati ndere. Zotuwa zomata pamakungwa, ndi ndevu zija zimalendewera m'nthambi za mitengo ku Mulanje, timatinso ndere, ngakhale kuti zimenezo si zomera n'komwe koma mtundu wa bowa wokhala m'nyumba imodzi ndi tizamoyo tobiriwira. Ndiye pali ziwiri za pamwala pano, zomwe m'mabuku a sayansi zili ndi mayina osiyana. Chofewa cha pamwamba ndi moss. Timalilime ta kumunsi ndi liverwort.

Awiriwa amagona pamwala umodzi, amamwa madzi amodzi, koma makolo awo adasiyana njira zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo padziko padalibe duwa ngakhale limodzi. Chimanga cha m'munda mwanu ndi mkungudza wa ku Mulanje adasiyana pambuyo pake.

Chowalumikiza chilipo ndithu. Onse alibe maluwa, alibe njere, alibe mizu yeniyeni, alibenso mitsempha yolimba ija imakweza madzi m'thunthu la mtengo. Amamwa ndi thupi lonse, monga nsalu yoiwalidwa pachingwe imamwera mame. N'chifukwa chake sakula. Moss wamtali kwambiri mwa oima okha, Dawsonia wa ku New Zealand, Australia ndi New Guinea, amalekezera pa masentimita pafupifupi 60. Ambiri safika ngakhale kutalika kwa chala.

Padziko lonse pali mitundu ya moss pafupifupi 12,000. Ya liverwort, malinga ndi kaundula amene akatswiri adatulutsa mu 2016, ndi yopitirira 7,000. Palinso fuko lachitatu laling'ono, la hornwort, la mitundu yongopitirira 200.

Mwala wa ku Mulunguzi ungakunamizeni kuti kusiyanitsa n'kosavuta: wamasamba ndi moss, waphwatalala ndi liverwort.

Ayi. Ma liverwort ambiri ali ndi masamba.

Ndidadzuka pamwala paja n'kupita pamtengo wapafupi, womwe khungwa lake lidali lonyowa ngati lathiridwa dala. Pamenepo padali timizere tobiriwira motuwira, tina tofiirira ngati dzimbiri, tokwawa mophwatalala. Kwa munthu wothamanga ndi moss basi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi kudekhako kumafunanso kagalasi kokuza zinthu kakhumi, kaja amakoloweka m'khosi akatswiri a zomera.

Pansi pa kagalasi nkhani imasintha.

Masamba a moss nthawi zambiri amazungulira tsinde mbali zonse, monga amachitira masamba a chinanazi. Amakhala osongoka, osagawika, ndipo ambiri ali ndi msempha umodzi wodutsa pakati. Masamba a liverwort amandandalikana m'mizere iwiri, wina kumanja wina kumanzere, atasanjikizana ngati mamba a chambo, ndipo kawirikawiri pamakhala mzere wachitatu wa timasamba tating'ono tobisika kumimba. Alibe msempha wapakati. Ambiri ndi obulungira, kapena ong'ambika pawiri, patatu, panayi. Ena, monga a mtundu wa Frullania, amapinda mbali ina ya tsamba kukhala kathumba kooneka ngati chipewa cha msilikali, momwe mumakhala madzi.

Chilengedwe sichitsata lamulo nthawi zonse. Moss wotchedwa Fissidens nayenso ali ndi masamba m'mizere iwiri, ndipo wasokoneza ophunzira ambiri. Koma mukamuika pagalasi msempha uja umaoneka, n'kumuulula.

Tembenuzani chomeracho muone kumimba. Onse awiri amagwira mwala ndi tiubweya tomwe ntchito yake yaikulu ndi kukangamira. Pa maikulosikopu, kaubweya ka liverwort ndi selo imodzi yokha yotalika, kopanda mfundo, ndipo nthawi zambiri n'koyera. Ka moss ndi maselo ambiri olumikizana ngati mfundo za nzimbe, kanthambinthambi, kofiirira.

Palinso mphuno.

Tikitani kachidutswa ka liverwort pakati pa zala n'kununkhiza. Ambiri amatulutsa fungo, lina ngati la mankhwala, lina ngati la tsabola kapena la utomoni. Fungolo limachokera m'timatumba ta mafuta tomwe tili m'maselo ake, ndipo timatumba ta mtundu umenewu sitipezeka m'chomera china chilichonse padziko. Moss alibe. Kafukufuku wasonyeza kuti mafutawa amathandiza kuingitsa tizilombo todya masamba. Amapwetekanso anthu: ku Ulaya ndi ku Canada odula mitengo ena amatuluka zidzolo akakhudza Frullania wa pamakungwa.

Timatumba timeneti ndi mutu waukulu kwa akatswiri. Maonekedwe ake ndi kuchuluka kwake zimathandiza kudziwa mtundu wa liverwort, koma chomeracho chikauma timatumba tija timazimiririka. Moss mungamusunge mu envulopu zaka 100, n'kumunyowetsa, n'kumuwerenga bwinobwino. Liverwort amafuna mumuone akadali wamoyo, apo ayi mbali ina ya umboni yapita.

Koma pamene mafuko awiriwa amasiyana poyera ndi pakubala.

Chobiriwira chimene timaonachi ndi mayi kapena bambo, nthawi zina zonse pamodzi. Timbewu tachimuna tili ndi timichira tiwiri ndipo timasambira, choncho popanda kadontho ka mvula kapena mame kolumikiza mwamuna ndi mkazi, palibe chimachitika. Dzira likalandira mbewu, mwana amamera pamwamba pa mayi ake, osatsika. Amayamwa pomwepo moyo wake wonse, ngati khanda losatsika kumbuyo. Mwanayo safanana ndi mayi ake ngakhale pang'ono. Ndi kaphesi kosenza kankhokwe, ndipo m'kankhokwemo muli fumbi lobereka, lomwe asayansi amati ma spore.

Tiulusi tofiirira tija ndidaona pamwamba pa mwala ndi ana a moss.

Moss amamanga mosathamanga. Kaphesi kamayamba n'kutalika, kolimba ngati waya, ndiye kankhokwe kamakhwimira m'mwamba, kambiri katavala kachipewa kochokera m'thupi la mayi. Kakapsa, kachipewa kamagwa, kenako kachivundikiro kamagwanso. Pakamwa pa kankhokwe pamatsala mano osanjikizana mozungulira, ndipo chiwerengero chake sichimabwera mwachisawawa: 4, 8, 16, 32 kapena 64. M'mitundu yambiri manowa amatseka kunja kukachita chinyontho, amatsegula kukauma. Motero fumbi limatuluka pang'onopang'ono, monga mchere m'kabotolo kobooledwa, masiku ambiri, pa nthawi imene mphepo ingalinyamule.

Ndidayang'ana kamodzi pagalasi n'kupumira mpweya wanga pamenepo. Mano aja adagwedezeka.

Liverwort alibe chivundikiro, alibe mano, alibenso nthawi. Kankhokwe kake, kakuda ndi kobulungira ngati mutu wa phini, kamakhwimira pansi, kobisika m'thupi la mayi. Kakapsa m'pamene kaphesi kamatalika, mwadzidzidzi, pongokoka madzi m'maselo ake. Mwa Pellia wa ku Ulaya kaphesi kamatalika masentimita angapo m'masiku atatu kapena anayi okha. N'koyera, kofewa, koonekera mkati, ndipo dzuwa likakaomba kamafota. M'mitundu yambiri kankhokwe kamang'ambika panayi ngati mtanda. M'kati, pamodzi ndi fumbi, muli tiulusi topotana tomwe timadzipinda tikamauma n'kuponya fumbilo kutali, monga nsatsi zimathethekera mu Okutobala.

Masiku ochepa, zonse zatha. N'chifukwa chake anthu ambiri adaonapo timitu ta moss pakhoma la bafa, koma kankhokwe ka liverwort sadakaonepo.

Fumbi lija likagwa pabwino, njira zimasiyananso. La moss limayamba n'kuyala ulusi wobiriwira panthaka, ndipo paulusi umodzi pamaphuka timitengo tambirimbiri. Ndiko kuchokera kwa kuthithikana kuja kumapanga bulangete. La liverwort limapanga kachiyambi kakang'ono komwe nthawi zambiri kamabala chomera chimodzi.

Nanga timakapu tija ta kumunsi kwa mwala?

Timeneto ndi njira yachidule ya mtundu wa Marchantia. Timbulumbulu ta m'kapu ndi tizidutswa ta chomera chomwecho, monga mlimi amabzalira chinangwa ndi phesi. Dontho la mvula likagwera m'kapu limatimwaza mpaka pafupifupi mita imodzi, ndipo kalikonse kamamera. Oweta mbande m'manazale amamudziwa bwino mlendo ameneyu, chifukwa amaphimba dothi la m'machubu ngati chikopa. Nyengo yake ikakwana amaimikanso timaambulera, tachimuna tophwatalala pamwamba kuti tilandire dontho, tachikazi tokhala ndi tizala, ana ali kunsi kwake.

Dzina loti liverwort limatanthauza chomera cha chiwindi. Asing'anga a ku Ulaya akale adaona timalilime tija tikufanana ndi chiwindi, n'kuganiza kuti Mlengi adaika chizindikiro chakuti chomerachi chimachiza chiwalo chimenecho. Chikhulupirirocho chidatha, dzina lidatsala. Loti Marchantia lidaperekedwa mu 1713 ndi Jean Marchant wa ku France polemekeza bambo ake, Nicolas.

Tizomera timeneti taphunzitsa sayansi zambiri kuposa msinkhu wake. Buku la Johann Hedwig, Species Muscorum Frondosorum, lomwe lidatuluka mu 1801 iye atamwalira kale, ndi pomwe pamayambira mayina ovomerezeka a ma moss ambiri mpaka lero. Mu 1851 Wilhelm Hofmeister, Mjeremani amene adayamba ngati wogulitsa mabuku, adasonyeza kuti kusinthana kwa mibadwo iwiri kuja, mayi wobiriwira ndi mwana wa kankhokwe, kuli m'zomera zonse za pamtunda, kungoti mwa mtengo mbadwo waukulu ndi wa mwanayo. Mu 1917 Charles Allen wa ku America adapeza koyamba m'chomera ma chromosome olekanitsa chachimuna ndi chachikazi, ndipo chomeracho chidali liverwort wotchedwa Sphaerocarpos.

Pa ntchito za manja a anthu, moss ndiye watchuka. Sphagnum wa m'madambo ozizira amasunga madzi olemera pafupifupi ka 20 kuposa thupi lake louma, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankamangira mabala a asilikali thonje litachepa. Matupi ake akufa, ataunjikana zaka zikwizikwi, ndiwo amapanga gawo lalikulu la dothi lakuda la m'madambo a kumpoto kwa dziko lapansi, lomwe latsekera kaboni wochuluka zedi.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbiri yake, ngakhale siimveka pawailesi.

Mu 1991 gulu la akatswiri a bungwe la British Bryological Society lidakwera phiri la Mulanje kukatola ma moss ndi ma liverwort. Zimene adatsika nazo zidawatengera zaka zambiri kuzisanthula, ndipo zotsatira zake zidatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Journal of Bryology, zikuwonjezera mitundu yochuluka pa mndandanda wa zomera za dziko lino. Mmalawi Zacharia Magombo, wa ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, adafika pokonzanso kaundula wa banja lonse la ma moss la Diphysciaceae padziko lapansi, ntchito imene idasindikizidwa mu 2003.

Ndimaona kuti zinthu ngati izi zimayenera kumveka m'makalasi athu. Mwana wa sekondale amaloweza mawu oti bryophyte, dzina la mafuko onsewa pamodzi, kuti akhoze mayeso, pamene chitsanzo chamoyo chili kuseri kwa kalasi yake, pomwe pamadontha madzi a padenga.

Wina afunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Chinamwali kapena ku Ndirande.

Yankho lili pampopi.

Mzinda wa Zomba umamwa madzi a damu la Mulunguzi, lomwe limadzazidwa ndi mtsinje womwe ukulira pambali pangawu. Mbali ina ya madzi a Blantyre imachokera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Madzi amenewa amayambira m'nkhalango za pamwamba, momwe mitengo imavala ndere kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

Katswiri wa ku Hungary, Tamás Pócs, adayeza zimenezi m'mapiri a Uluguru ku Tanzania, n'kufalitsa zotsatira mu 1980. M'nkhalango ya pamwamba yokhala mu nkhungu, zomera zomera pamitengo pamodzi ndi zinyalala zake zidali zolemera matani pafupifupi 14 pa hekitala imodzi zitauma, ndipo zinkatha kugwira malita pafupifupi 50,000 a madzi pa mvula imodzi.

Malita 50,000. Ndowa za malita 20 zokwana 2,500, zolendewera m'mitengo.

Madzi amenewo ena amabwerera mumpweya n'kusunga chinyontho cha nkhalango, ena amadontha pang'onopang'ono mvula itakata kale. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikaphimba Mulanje ndi Zomba, ndere imeneyi imakoka timadontho ta nkhungu tomwe tikadangodutsa ndi mphepo.

Apa m'pamene kusiyanitsa moss ndi liverwort kumasiya kukhala nkhani ya akatswiri okha. M'nkhalango za nkhungu za m'mayiko otentha, chovala chochindikala cha mitengo chimakhala makamaka cha ma liverwort amasamba, monga Plagiochila, Bazzania ndi Herbertus. Palinso tina tating'ono kwambiri ta banja la Lejeuneaceae tomwe timamera pamwamba pa masamba amoyo a mitengo ndi zitsamba, tooneka ngati timadontho ta penti. Timeneti timafuna mthunzi ndi mpweya wonyowa chaka chonse. Denga la nkhalango likang'ambika, dzuwa ndi mphepo zikalowa, ndito timayamba kusowa.

Ma moss ambiri ndi olimba mtima. Amauma gwaa, amapinda masamba, amadikira. Ku chilumba cha Signy kufupi ndi Antarctica, asayansi adalengeza mu 2014 kuti moss amene adakhala m'nthaka yozizira kwambiri zaka pafupifupi 1,500 adaphukanso atamutenthetsa. Wina, Funaria, amakonda malo opsa ndi moto, pomwe pali phulusa, ndipo amakhala m'gulu la oyamba kufika pomwe adaotcherapo makala.

Sikuti ma liverwort onse ndi ofooka. Riccia, amene amayala tinyenyezi tobiriwira pamatope ouma, amapirira chilala, ndipo kum'mwera kwa Africa kuli mitundu yake yambiri. Marchantia nayenso amathamangira malo opsa. Koma munthu wodziwa kuwerenga khungwa la mtengo, akaona kuti ma liverwort a masamba opyapyala achoka n'kutsala ma moss opirira dzuwa, amadziwa kuti nkhalangoyo yayamba kuuma, ngakhale mtsinje ukadali kuyenda.

Timawerenga mitengo yodulidwa, ndipo n'koyenera. Timabzala mbande chaka ndi chaka, ndipo n'koyeneranso. Koma mbande ikagwira sikuti nkhalango yabwerera. Chovala chija cha pamakungwa chimatenga zaka zambiri kuti chilukidwenso, ndipo chimafuna nkhalango yakale yapafupi kuti fumbi lobereka lichokereko. Kachigawo ka nkhalango yachilengedwe kotsala m'khwawa n'kamtengo wapatali pa chifukwa chimenechi.

Dzuwa litafika pamutu, nkhungu itabalalika, ndidayamba kutsika. Ndidadutsana ndi amayi osenza mitolo yaitali ya nkhuni, ndi anyamata ogulitsa zipatso za m'phiri m'mphepete mwa msewu. Patsogolo pang'ono ndidafika pamalo pomwe mitengo ya paini idadulidwa. Padali zitsa zokhazokha, ndipo ngakhale mvula idagwa usiku, pamwamba pake padali patauma kale.

Pachitsa china padali kachigamba kofiirira, kopotanapotana ngati tsitsi losapesa. Ndidatsegula botolo langa n'kuthirapo madzi pang'ono. Mphindi imodzi isadathe, timasamba tidatambasuka, kachigamba kaja n'kubiriwira. Pagalasi, tsamba lililonse lidali losongoka, msempha uli pakati.

Ndidazungulira zitsa zina zisanu ndi chimodzi, ndikutembenuza makungwa ndi masamba a zitsamba, kufunafuna mamba aja osanjikizana m'mizere iwiri. Sindidawapeze.